Khoza Loyera la Alamu Anga

Mutu Wachisanu

1. Tsiku lopanda utsi

M'mawa umenewo m'mudzi mwathu mwa Padmadanga simunatuluke utsi. Ndinaima pa makwerero a dziwe n'kuyang'ana madenga onse, koma panalibe mbaula imene inayaka, ngakhale ya wophika maswiti uja amene sanatseke sitolo ngakhale tsiku la maliro a apongozi ake.

Linali tsiku limene Angelezi anadula dziko lathu la Bengal pakati, m'chaka cha 1905. Anthu anapangana kuti tsikulo likhale ngati la maliro: osakoleza moto, osavala nsapato, kukasamba kumtsinje, kenaka kumangana ulusi wachikasu padzanja posonyeza kuti ndife amodzi ngakhale atigawe.

Dzina langa ndine Tarubala, koma kunyumba amangoti Taru. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo panali patatha miyezi itatu chisiyireni sukulu ya atsikana, chifukwa amayi anati ndatalika kuposa aphunzitsi. Masiku anga ankathera pazenera. Ndinkawerenga nyuzipepala zakale zimene achimwene anga, a Haripada, ankatumiza kuchokera ku boma, komwe ankagwira ntchito yaukalaliki limodzi ndi bambo. Ndinkalota dzina langa litalembedwa m'menemo ndi zilembo zikuluzikulu: mtsikana wa ku Padmadanga amene anachitira dziko lake chinthu chachikulu. Chinthucho sindinkachidziwa. Ndinkangofuna chibwere msanga.

"Iwe Kamvuluvulu! Ukamalota uli chiimire udzagwera m'dziwe, ndipo nsomba sizidzakufunsa ngati umatha kuwerenga."

Anali alamu anga, a Kusum, mkazi wa achimwene. Ankandiposa ndi zaka zitatu zokha. Ndi iwo amene ankandiluka tsitsi, ndipo achimwene akakhala ku boma tinkagona pa mphasa imodzi. Ndi iwonso amene anandipatsa dzina lakuti Kamvuluvulu, ati chifukwa ndikalowa m'chipinda zinthu zimayamba kugwa zokha. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Padzanja lililonse anali ndi khoza loyera la chigoba cha m'nyanja, limene mkazi aliyense wapabanja amavala mwamuna wake akadali moyo. Pafupi ndi khozalo panali zibangili zinayi zagalasi, zobiriwira ngati mpunga wanthete. Anawagulira ndi achimwene mwezi umene anakwatirana, ndipo zinali zochokera kutsidya kwa nyanja.

2. Dengu la pansi pa kachere

Titasamba kumtsinje tinapeza dengu lalikulu pansi pa mtengo wa kachere. Munkaponyedwa katundu wakunja: nsalu, mchere, shuga, zipeso. Azimayi ndi atsikana ankavula zibangili zawo zagalasi, kuziswera pa muzu wa mtengo, n'kuthira zidutswazo m'dengu. Dzuwa likafika paliwombo, dengulo linkayenera kukakhuthulidwa pakati pa mtsinje.

Amene ankalemba mayina a opereka anali Bidhumukhi, mnzanga wa kusukulu amene sitinkatha tsiku osakangana.

"Taru, tabwera kuno," anatero mokweza kuti onse amve. "Achimwene ako si aja amalankhula pamisonkhano mpaka thovu kukamwa? Aja amati tisiye zakunja?"

"Ndi omwewo. Nanga bwanji?"

"Palibe kanthu, mnzanga. Ndimangodabwa kuti mkazi wawo akuyendabe ali ngwerengwere ngati ng'ombe ya belu. Kapena moto wa achimwene akowo umazimira pakhomo?"

Atsikana anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Alamu ali ndi pakati, manja atupa," ndinatero.

"Aa, pepa. Ndiye tiwauze Angelezi adikire kaye mpaka mwana abadwe." Ananyambita pensulo yake. "Pepalali ndimupatsa Nishikanta madzulo ano. Akalitumiza ku nyuzipepala. Nyumba yanu ndiisiyira mpata wopanda kanthu, usadandaule."

Nishikanta anali mnyamata wa ku koleji, mnzawo wa achimwene. Anandiyang'anapo kamodzi kokha, chaka chatha, pamene ndinkamupatsa madzi akumwa, ndipo kuyang'ana kumeneko ndinali ndisanamalize kukuganizira.

"Usasiye mpata," ndinatero. "Dzuwa lisanafike paliwombo zibangilizo zikhala m'dengumo."

Ndinathamanga ulendo wa kunyumba tsitsi lili chinyowere.

3. Mawu a azakhali

Alamu sanakane. "Achimwene ako analemba kale m'kalata kuti ndivule," anatero. "Ndayesa dzana, ndayesa dzulo. Taona wekha."

Anakoka chibangili chimodzi. Chinafika pa mfundo ya chala chachikulu n'kukanirira. Ndinakoka ine, iwo n'kuluma mlomo, koma sichinasunthe. Pamenepo maso anga anagwera pa mphero yoperera tsabola imene inali pakhonde la kukhitchini. Ndinatola mwanamphero.

"Taru, ika mwalawo pansi."

Anali azakhali a Mokshada, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala nafe chimwalirireni amuna awo. Anali atakhala pakona, atavala nsalu yawo yoyera, akugawa m'timbale mpunga wokazinga dzulo womwe tinkayenera kudya wozizira.

"Khala apa undimve," anatero. "Ine sindinapite kusukulu, ndipo nyuzipepala ndimangokulungira tsabola, koma za zibangili ndikuzidziwa kuposa aliyense m'nyumba muno. Taona manja angawa. Ali ngati nthambi zosenda makungwa. Ndinali msinkhu wakowu pamene amuna anga anamwalira ndi kolera. Mtembo wawo utatenthedwa, phulusa lisanazizire, amayi a m'mudzi ananditengera ku dziwe. Wina anandigwira dzanja, wina anatola mwala. Anaswa makoza anga pa makwerero, anapukuta ufa wofiira waukwati wa pamutu panga, anandivula nsalu ya m'mphepete mofiira n'kundiveka iyi. Papita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, koma ndikamapera tsabola ndimamvabe kulira kwa mwala uja.

"Mwala ndi dzanja la mkazi wapabanja zimakumana tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo sitiliitana. Anzako akuswa zawo pansi pa kachere, inde, koma ayamba avula, kenaka n'kuswera pansi. Sindikukuletsa kukonda dziko. Kodi ine ndakoleza moto lero? Si ine ndinakuthandiza kupota ulusi wachikasu? Koma mwala ulibe maso, mwanawe. Sudziwa kuti ichi n'chakunja, ichi n'chakwathu. Khoza loyeralo analisema ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje wathu womwewu, wamsana wopindika, amene agogo ake anasema la amayi ako. Tenga mafuta a mpiru. Uwaviike manja m'madzi ozizira, uwadzoze, uzikoka pang'onopang'ono. Zikakana lero zidzavuka mawa. Zikakana mawa zidzavuka mwana akabadwa. Angelezi sachoka dzuwa lisanafike paliwombo. Kuthamanga sikufika."

"Azakhali!" ndinafuula. "Anthu akudula dziko pakati, inu mukukamba za mafuta a mpiru?"

"Amene adula dzikowo anali ndi changu ngati chakocho," anayankha. "Nawonso sanafunse eni ake."

Anatenga mtsuko wawo wamkuwa n'kupita kukathirira kamtengo kopatulika ka kuseri kwa nyumba, monga ankachitira tsiku lililonse. Amayi anali kwa anansi, kumangana ulusi. Pakhonde tinatsala awiri.

4. Mwanamphero

Tinayesa mafuta. Ndinawadzoza, ndinakoka, koma chibangili chinkangozungulira pamalo amodzi ngati chikundiseka. Chithunzithunzi cha mtengo wa mango chinkafupika pabwalo.

"Alamu, ndingogogoda pang'ono. Chimodzichimodzi. Khozalo tilikankhira kumtunda."

"Kamvuluvulu, tiye tidikire. Mtima wanga sukufuna."

"Achimwene akuguba ku boma pano, osavala nsapato, apolisi ali mbali zonse. Akadzamva kuti nyumba yawo yokha ndi imene sinapereke kanthu, mudzawayang'ana bwanji?"

Mawu amenewo anawalasa. Anaika dzanja lamanja pa mphero n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Ndinagogoda. Galasi linati khwee. Chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Dzanja lamanja linatha popanda ngakhale kukandika.

"Mwaona? Azakhali amangoopa chithunzithunzi chawo chomwe."

Anaika lamanzere. Zitatu zinasweka bwinobwino. Chomaliza chinali chitapanikizana ndi khoza, ndipo mafuta anali atachititsa zonse kuterera. Ndili mkati mochisuntha, ku kachere kunalira lipenga la chigoba, chizindikiro chakuti dengu latsala pang'ono kunyamulidwa.

"Dikira, ndilikankhe kaye," anatero alamu.

Sindinadikire. Ndinamenya.

Galasi limati khwee. Ichi chinati khotyo, mawu ouma ngati a fupa.

Khoza loyera linali pa mphero, zidutswa ziwiri. Padzanja la alamu panatuluka kamzere ka magazi. Sanalire, sanandikalipire. Anatola zidutswazo mwaulemu ngati akutola mwana wa mbalame, n'kuzimanga pansonga ya nsalu yawo. Kenaka anasonkhanitsa magalasi obiriwira aja pa tsamba la nthochi n'kundipatsa.

"Pita nazo ku dengu lako. Si zimene umafuna?"

"Alamu, sindinachitire dala."

"Usauze munthu. Ndidzati ndinaterereka pa makwerero a dziwe. Iwe sunakwatiwe, ndipo mbiri yakuti unaswa khoza la mlamu wako ikamveka, palibe banja limene lidzakufunsire." Anabisa dzanjalo m'nsalu. "Pita."

Ndikulemba izi ndi manyazi: ndinapita. Ndinathamanga, ndinafika dengu lili kale pamapewa a anyamata, ndinakhuthula tsamba langa. Anthu anaombera m'manja. Bidhumukhi analemba dzina langa n'kundimanga ulusi wachikasu padzanja.

"Ndimakuyesa wapakamwa chabe," anatero. "Lero ndakuvulira nsapato, kungoti sindinavale."

Onse anaseka. Ine ndinali kumvabe khotyo uja.

5. Uthenga wochokera ku boma

Masana onse alamu sanandiyankhule. Anakhala m'chipinda akusoka kamalaya ka mwana, dzanja lamanzere lili m'nsalu. Mbale yawo ya mpunga sanaikhudze.

Dzuwa litapendeka, Nishikanta analowa pabwalo. Sanabwere monga ndinkamulotera. Analibe ambulera, tsitsi lili nyankhalala, ndipo kutsogolo kwa malaya ake kunali magazi ouma.

"Amayi, khalani pansi," anatero.

"Lankhula ndili chiimire," anayankha amayi. "Magaziwo ndi a yani?"

"Ndi a Haripada. Timaguba kuchokera kumtsinje, tikuimba. Apolisi anati tibalalike. Iye anali kutsogolo, atanyamula mbendera, ndipo anakana kuitsitsa. Anam'menya ndi ndodo apa." Anagwira pamwamba pa khutu. "Ali moyo. Pamene ndimachoka anali akupuma, koma maso anali asanatsegule. Bambo ake ati mubwere ndi mkazi wake lero lomwe. Asanakomoke anatchula dzina la mkazi wakeyo kawiri. Bwato langa likudikira padoko."

Amayi anagwira chipilala cha khonde. Kenaka anafuula, "Mpongozi! Tenga chofunda, tiye!"

Alamu anatuluka ataphimba nkhope chifukwa cha mlendo. Popinda chofunda, nsalu inatsetsereka. Dzanja lamanzere linaonekera, lopanda kanthu, lili ndi bala.

Amayi analiona.

"Khoza lili kuti?" anafunsa amayi, motsitsa mawu.

"Ndinaterereka pa makwerero a dziwe, amayi."

"Liti?"

"Dzuwa lili paliwombo."

Amayi anatembenukira kwa Nishikanta. "Mwana wanga anam'menya nthawi yanji?"

Iye anayang'ana pansi. "Chapomwepo, amayi. Koma zimenezo sizikugwirizana. Anam'menya ndi wapolisi, ine ndinaona ndi maso angawa."

Amayi sanamumve. "Waswa khoza mwamuna wako ali moyo, n'kukhala chete tsiku lonse, ukusoka! Mwana wa eni iwe, wandidyera mwana wanga! Sukwera bwato limenelo. Sukaponda pafupi ndi bedi lake. Mawa ndikutumiza kwanu, ukabereke komweko, ndipo pakhomo pano usadzabwerenso."

Alamu anagwada. Sanadziteteze. Anangoti, "Amayi, ndikangomuona kamodzi, ndili pakhomo. Sindikamukhudza."

"Ndati ayi!"

Azakhali anali ataima pafupi ndi mphero. Anayang'ana mwanamphero, pomwe panali kachidutswa koyera komamatira ku mafuta, kenaka anayang'ana ine.

Nishikanta anali pomwepo. Padzanja langa panali ulusi wachikasu, ndipo dzina langa linali pa pepala lopita ku nyuzipepala. Ndikanatha kukhala chete. Alamu eni ake anali atandiuza kutero.

"Amayi," ndinatero, "alamu sanaterereke."

"Taru, khala chete," anatero alamu.

"Ndine. Ndinawagoneka dzanja pa mphero n'kumaswa zibangili ndi mwala. Azakhali anandiletsa. Alamu anati tidikire, ananena kawiri. Ine ndinafuna dzina langa lilembedwe. Ngati pali wadya achimwene, ndine. Muwalole apite."

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anandiyang'ana ngati mwana wa mlendo amene walowa pabwalo mosokera. Nishikanta nayenso anandiyang'ana, kachiwiri m'moyo wanga, ndipo ndinalakalaka akanapanda kutero.

"Mwana wa m'mimba mwanga," anatero amayi. Anakhala pansi pa dothi. "Kaya waswa ndani, lasweka basi. Madzi akatayika sawoleka. Akafika bwanji kwa mwamuna wake ndi dzanja lamasiye?"

6. Ulusi wachikasu

"Mpongozi, zidutswazo unataya?" anafunsa azakhali.

Alamu anamasula nsonga ya nsalu. Zidutswa ziwiri zija zinali mbee m'dzanja lawo.

"Taru, masula ulusi uli padzanja lakowo. Mwakhala mukutiuza sabata yonse kuti ulusi umenewu ulumikiza dziko lodulidwa pakati. Tione ngati ulephere khoza." Anabisa manja awo kumbuyo. "Ine manja anga ndi amasiye, saloledwa kulikhudza. Manga ndiwe. Ndipo ulendo uno usafulumire."

Ndinagwada pamaso pa alamu. Ndinaika zidutswazo mozungulira dzanja lawo, ndinakulunga ulusi pa mng'alu woyamba, kenaka pa wachiwiri. Kawiri konse chidutswa chinaterereka ndipo ndinayambiranso. Palibe anandifulumizitsa. Alamu ankayang'ana kumbali.

"Mvera tsono," anatero azakhali ndili mkati momanga. "Ine sindikudziwa ngati khoza limapha munthu. Amuna anga anafa makoza anga ali athunthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero wapweteka munthu amene amakukonda kuti ukondweretse anthu amene amakuseka. Nkhondo imene mwaiyambayi ndi yaitali, mwina ine sindidzaona mathero ake. Mudzaswa zambiri. Nthawi iliyonse ukanyamula mwala, uziyamba wayang'ana kuti pansi pake pali dzanja la yani."

Nditamanga mfundo yomaliza, amayi anadzuka, anayang'ana khozalo nthawi yaitali, kenaka anatola chofunda n'kuwafunditsa alamu pamapewa.

"Tiyeni," anatero. Ine sananditchule, koma ndinawatsatira, ndipo palibe anandibweza.

Tinafika padoko dzuwa lili pamwamba pa migwalangwa ya kutsidya. Pamadzi pankayandamabe nsanza za m'dengu lija, zitakodwa m'mabango. Wopalasa anali atayamba kumasula chingwe pamene Nishikanta anakweza dzanja.

"Dikirani. Kukubwera bwato lina."

Linatulukira pa mpindiko wa mtsinje, kuchokera ku boma, likuyenda pang'onopang'ono. Kutsogolo kunakhala munthu wa imvi, mutu uli pansi. Anali bambo. Pakati pa bwatolo panagona munthu, atafunditsidwa nsalu yoyera.

Amayi anayamba kutchula mayina a milungu. Azakhali anawagwira m'chiuno. Dzuwa linkathwanima pamadzi, ndipo kuchokera pamene tinaima sizinkaoneka kuti nsaluyo yalekezera pati.

Ndinamva dzanja likugwira langa. Linali lotentha, ndipo ulusi wa pa khoza unandikanda pakhungu.

"Kamvuluvulu," ananong'ona alamu. Anali mawu oyamba ofatsa amene anandiuza chiswekereni khoza. "Maso anga adzaza madzi, sindikuona. Ako ndi akuthwa. Tayang'ana bwino, usafulumire. Nsaluyo yaphimba nkhope?"

Ndinatsika makwerero mpaka madzi anandifika m'mawondo, ndinatchinga dzuwa ndi dzanja, ndipo ndinayang'ana.